Nkhani zakuphana zimandisowetsa tulo, nanga n'chifukwa chiyani sinditha kuzisiya?

Abiti_Mpondasi

Moni nonse. Ndine mayi wa ana atatu, telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa pa boma pano pa Mangochi. Bambo a ana anga ali ku Joni, chino ndi chaka chachinayi. Ndili ndi funso lomwe landikhala pamtima kwa milungu itatu, ndipo ndati ndilitulutse pano poti ena mwa inu munapita patali ndi sukulu, ena mwaona zambiri.

Linali Lachiwiri m'mawa. Ndili pamashini, ndikupinda m'munsi mwa diresi ya yunifolomu, ndinangomva wakabaza akukuwa kuti kumlatho kwapezeka mtembo, wakodwa m'bango. Sindikumbuka n'komwe kuti ndinadzuka bwanji. Nsalu ndinaisiya singano ili chibayire, sizasi pampando, ndalama za kasitomala m'kambale, ine liwiro. Pofika pachipilala cha wotchi paja, anthu anali atadzaza kale mpaka pamlatho: amayi a mandasi mabeseni ali kumutu, ana a sukulu, anyamata a m'magalaja manja ali bii ndi oyilo, ngakhale gogo wina wandodo amene ankafunsa aliyense kuti, "Ndi wamwamuna kapena wamkazi?" Ndinapanikizana nawo mpaka ndinafika kutsogolo. Zomwe ndinaona n'zochepa: phazi limodzi litayera mbuu ndi madzi, ndi malaya ofiira atafufuma. Apolisi anamufunditsa chitenje. Koma ine, Mulungu andikhululukire, ndinaimabe pomwepo kudikira kuti mwina mphepo ivundukula pang'ono.

Madzulo ake chambo chomwe ndinaphika sichinadutse pakhosi. Chitseko ndinachiyang'ana katatu, n'kutsamizapo mtondo. Nditalowa m'neti, m'malo mogona ndinatenga foni n'kuyamba kufufuza m'magulupu a WhatsApp kuti munthu uja anali ndani, ndipo wamupha ndani. Ena ankati ndi zigawenga zolanda njinga zamoto, ena ankati ndi nkhani ya chibwenzi, ena ankati anangomira. Voice note ya mphindi 7 ya bambo wina amene kumlathoko sanafikeko n'komwe ndinaimvera kawiri. Tambala woyamba analira m'maso mwanga muli gwa.

Si tsiku limenelo lokha ayi. Nkhani za m'maboma pa MBC sindiphonya, ndipo ikafika ya munthu wopha mnzake ndimakhalitsa ana chete. Kabandulo ka Facebook komwe ndimagula kuti ndizitsatsira madiresi kamathera pa nkhani za kukhoti ndi za apolisi. Ndikamva, thupi limachita tsembwe, ndimalumbira kuti basi ndasiya, mawa lake ndabwereranso.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti mtembo si wachilendo kwa ine. Kumzikiti kwathu ndine mmodzi mwa amayi amene timasambitsa maliro a amayi anzathu. Pamenepo mtima wanga umakhala phee, ntchito ndimaigwira mwaulemu, maso pansi, ndipo sindinafunepo kuona choposa chimene ntchitoyo ikufuna. Nanga kumlatho kuja chinandithamangitsa n'chiyani? Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 anandifunsa usiku womwewo kuti, "Amayi, akanakhala ababa mukanalola kuti anthu azikankhana chonchija?" Ndinangoti kakasi.

Kodi ndi tchimo, ndi matenda, kapena ndi mmene munthu analengedwera? Ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Wachipatala_Kunyanja

Achemwali, si matenda, ndipo simuli nokha. Ine ndimagwira ntchito ya chipatala mbali ya ku Monkey Bay kuno, ndiye ndiyankha kumbali ya thupi.

Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa amygdala. Ntchito yake ndi ya mlonda. Kakangomva kuti "mtembo", "chigawenga", "ng'ona", sikadikira kuti inu muganize kaye. Kamaliza belu, ndipo tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira timadzi totchedwa adrenaline m'magazi. Mtima umathamanga, mpweya umakwera, magazi amathamangira ku miyendo ndi mikono, ndipo m'mimba chakudya chimayamba chaima kugayika. N'chifukwa chake chambo chija chinakukanikani. Thupi limakhala likukonzekera kuthawa kapena kulimbana.

Tsono mukamamva nkhani yoopsa muli pamphasa panu, chitseko chili chotseka, mbali ina ya ubongo imadziwa kuti pano palibe chokugwirani. Mphamvu ija yabwera, ngozi palibe, ndipo kupepukidwa komwe kumatsatira kumakoma. Muone ana a ku Chembe akamadumphira m'madzi kuchokera pathanthwe. Amakuwa ndi mantha, akavuuka akuseka, n'kukweranso. Ofufuza a pa yunivesite ya Aarhus ku Denmark anayeza kugunda kwa mtima kwa anthu olowa m'nyumba yokonzedwa dala kuti iziopseza alendo, ndipo zomwe anatulutsa mu 2020 zinaonetsa kuti anthu amasangalala kwambiri mantha akakhala apakatikati. Akachepa anthu amaboweka, akapyola muyezo chisangalalo chimathawa. Kafukufuku wina wa mu 2010 wa pa yunivesite ya Illinois ku America anapeza kuti amayi amakopeka ndi nkhani zoona zakuphana kuposa abambo, makamaka nkhani zomwe wophedwa kapena wopulumuka ndi mkazi, komanso zomwe zikufotokoza mmene wina anathawira. Mayi amene akugona yekha ndi ana, mwamuna ali kutali, akamamvetsera amakhala akutolera nzeru, ngakhale iye mwini sakudziwa.

Koma kwathu kuno nkhani zoopsa sizithera pamphasa. Mukukumbuka za anamapopa mu 2017. Zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe, zinafalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Palibe mmodzi yemwe anapezeka atapopedwa magazi, koma anthu osachepera 8 anaphedwa ndi anthu anzawo powaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Okutobala chaka chimenecho. Ine nthawi imeneyo ndinkapita kumidzi panjinga yamoto kukayeza amayi oyembekezera. Chomverera pachifuwa chija ndi makina oyezera BP ndinkazikulunga m'jumbo n'kuika pansi pa tomato, kuopa kuti wina angaone timachubu n'kukuwa. Tsiku lina ndinaima pachigayo kufunsa njira, mayi wina anangokoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo. Anandipulumutsa ndi mfumu yomwe inkandidziwa. Anthu amenewo sanali oipa. Anali atamva nkhani usiku uliwonse mpaka mlonda uja wa m'mutu anasiya kusiyanitsa mlendo ndi mdani.

Langizo langa ndi laling'ono. Foni izigona kunja kwa neti. Nkhani zimenezi muzimva masana muli ndi anthu, osati pakati pausiku muli nokha. Mukaona kuti kusowa tulo kwapitirira mwezi, kapena phazi lija likumakubwererani m'maso muli pantchito, pitani kuchipatala mukafotokoze, musachite manyazi.

Che_Mdala_Malindi

Akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anatha ndipo timabatani ta foni timandithawa.

Mwana wanga Abiti, zimene anena adokotala ndazimva ndipo sinditsutsa, koma ine ndikuona kuti afotokoza za thupi lokha. Munthu si thupi lokha.

Ndinabadwa mu 1954. Tili ana, madzulo agogo athu aakazi ankatikhazika pamoto. Akati "Padangotelo", ife "Tili tonse", ndipo nthano yomwe tinkapempha mobwerezabwereza inali ya chilombo chomeza ana, osati ya kalulu. Tinkapanikizana mpaka wina kupsa chala, koma wopita kukagona panalibe. Mwera ukayamba ankatisimbira za sitima ya Vipya yomwe inamira kumpoto kwa nyanja mu Julayi 1946, n'kupita ndi anthu 145. Pamene munaima tsiku lija, pafupi ndi wotchi paja, pali chikumbutso cha anthu amenewo, ambiri amangodutsa osawerenga. Ife nkhani ya Vipya inatilowa m'mafupa, ndipo palibe mwa ife amene anakula n'kumaseweretsa mwera.

Kenako zoopsa zinatuluka m'nthano n'kubwera pakhomo. Mu Febuluwale 1965 anthu a Che Chipembere, nduna yakale yomwe inagalukira boma la Kamuzu, analowa pa boma, pomwe nthawi imeneyo pankatchedwa Fort Johnston. Anakalephera kuoloka Shire pa Liwonde, ndipo asilikali anadzaza m'midzi mwathu muno kusaka. Silombela, mmodzi mwa otsogolera anthu a Che Chipembere, anakhala m'tchire miyezi yambiri, anamugwira, ndipo mu 1966 anamunyonga ku Zomba anthu akuonerera. Taganizani, mwana wanga. Boma lenilenilo linkadziwa kuti anthu amakopeka ndi zoterezi, n'kugwiritsa ntchito chidwi chimenecho kuti litiopseze. Mayina amenewa sitinkawatchula mokweza. Akuluakulu ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, ndipo ife ana tinkanamizira kutola nkhuni kuti timveko. Nkhani yonong'ona inkatikoka kuposa nthano iliyonse.

Amalume anga ankagwira ntchito ku Blantyre nthawi ya kuphana kwa ku Chilobwe, kuyambira 1968 mpaka 1970. Anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo. Amalumewo akabwera kumudzi ankati kumeneko anthu akugona nkhwangwa ili kumutu. Poti wakupha sankadziwika, kunabuka mphekesera yoti boma likutenga magazi kukabwezera ngongole ku South Africa, dziko lomwe linkathandiza kumanga likulu ku Lilongwe. Mu 1970 anagwira munthu wotchedwa Walla Kawisa, khoti linamuweruza kuti aphedwe, koma ambiri sanakhutire kuti munthu mmodzi angachite zonsezo yekha. Mukaona bwino, anamapopa a 2017 omwe anena adokotala ndi zidzukulu za mphekesera imeneyo.

Za ku Mwanza ndiye ndinali bambo kale. Mu Meyi 1983 tinauzidwa kuti akuluakulu andale anayi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pangozi ya galimoto. Aliyense anamva, aliyense anangoti zii, koma m'mitima tinkafunsa. Tinasenza funso limenelo zaka 11, mpaka boma litasintha mu 1994 n'kukhazikitsa komiti yofufuza, yomwe inapeza kuti anachita kuphedwa. Mlandu utalowa m'khoti mu 1995 nyuzipepala imodzi tinkaiwerenga anthu khumi pansi pa mtengo wa mango, mpaka inkang'ambika m'mapindiro. Oimbidwa mlandu akuluakulu anawamasula kumapeto kwa chaka chomwecho. Kodi tonse amene tinkalimbirana nyuzipepala ija tinkafuna magazi? Ayi. Tinkafuna kudziwa kuti anachita ndani, chifukwa chiyani, ndipo alangidwa kapena ayi.

Ndiye ndikuyankheni za kusambitsa maliro. Mayi amene mumamusambitsa mumamudziwa dzina, mumadziwa chomwe chamutenga, abale ake ali panja, manda akumbidwa kale. Nkhani yake ili ndi mutu ndi mchira, mtima ulibe chofunsa. Wa kumlatho uja analibe dzina, analibe mwini, imfa yake inalibe chifukwa. Simunathamangire mtembo, mwana wanga. Munathamangira funso. Ndipo usiku uja pafoni munkasaka mchira wa nkhani. Pamene ndikukudzudzulani ndi pamodzi pokha, podikira kuti mphepo ivundukule chitenje. Pamenepo munapyola, ndipo inu nomwe mukudziwa, n'chifukwa chake mwapempha chikhululuko.

Mjoni_wa_Katuli

Alamu, ndikuti alamu poti amuna anu ndi mjoni mnzanga ngakhale sitidziwana. Ine ndimagwira m'shopu ya mwenye wina ku Johannesburg, chaka chachisanu ndi chimodzi.

Kuno nkhani zimenezi ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku. Milandu ikuluikulu amaionetsa pa TV ikuchitika. Ndisanabwere, mu 2014, anthu ankaonera mlandu wa Oscar Pistorius, katswiri wothamanga amene anaombera chibwenzi chake, ngati mpira. Wa Senzo Meyiwa, goloboyi wa timu ya dziko lino yemwe anamuombera ku Vosloorus mu Okutobala 2014, takhala tikuutsatira pafoni nthawi yankhomaliro, anthu anayi kuzungulira foni imodzi kuseri kwa makatoni, kutsutsana ngati ndife maloya.

Kwa ife si zosangalatsa zokha. Nzeru zambiri zomwe zandisunga kuno sindinazimve kwa bwana kapena kwa apolisi, ndinazitola m'nkhani za anzathu omwe zinawaonekera. Wakuti anakaniza foni, anamubaya. Wakuti analengeza kuti Loweruka akutumiza katundu kumudzi, Lachisanu usiku anamuthyolera. Wakuti anakwera galimoto ya munthu wosamudziwa pochokera kuntchito. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ukamva, umasintha njira yomwe umadutsa.

Koma pali nkhani imodzi yomwe inandisintha kamvedwe. Thabo Bester, wogwiririra ndi kupha, anathawa m'ndende ya Mangaung ku Bloemfontein mu Meyi 2022. M'chipinda chake munapezeka mtembo wopsa, aliyense n'kumati wafa, chikhalirecho munthu akudya bwino m'tauni. Anakamugwira ku Arusha ku Tanzania mu Epulo 2023. Miyezi imeneyo dzina la Bester linali pakamwa pa aliyense, ena mpaka kumamutama kuti ndi dolo. Ine ndinali nawo m'gulu losekerera. Tsiku lina mnzanga wa ku Makanjira anandifunsa kuti, "Nanga anapsa uja ndi ndani?" Palibe mwa ife amene anayankha. Anali mnyamata dzina lake Katlego Bereng, ndipo abale ake anakhala akumusaka pafupifupi chaka. Ndinaganiza za ife amene tilibe mapepala okwanira. Ukagwa panjira kuno, umakagona kumochale opanda dzina mpaka anzako a kumudzi akupeze n'kusonkherana zokutumizira kwanu. Chiyambire tsiku limenelo ndikamva nkhani ndimayamba ndafunsa dzina la wakufayo.

Ndinene chinanso, mundikhululukire ngati ndalowa pakhomo panu. Mkazi wanga ku Katuli akamva kuti Mmalawi waomberedwa ku Joni amandiimbira kakhumi motsatizana, ndikachedwa kuyankha ndimapeza akulira. Mwina nanunso pamene mukutsegula nkhani iliyonse mumakhala mukufuna kutsimikiza kuti si amuna anu. Mwana wanu uja anatchula ababa ake, sanatchule munthu wina. Awuzeni alamu anga zimene mwalemba apazi, aziimba pafupipafupi.

Vidiyo_Sho_Makawa

Amayi, ine ndili ndi kavidiyo sho pa Makawa. Ndikaika filimu yachikondi mumalowa anthu ochepa. Ndikalemba pabolodi kuti lero kuli yoopsa, ya mizukwa kapena ya afiti, yomasuliridwa m'Chichewa, mabenchi amadzaza mpaka ena kukhala pansi, asodzi amene sanapite kunyanja ndiye amakhala oyamba. Chomwe ndimaona ndili kumbuyo n'chakuti poyamba aliyense amakhala payekha, pofika pakati onse athithikana mbali imodzi. Wina akakuwa, onse amaseka limodzi. Potuluka palibe woyenda yekha, ngakhale amene anayambana masana amaperekezana. Ndiye ine ndimati mantha oonera pagulu amalumikiza anthu. Vuto la foni n'lakuti mumaopa muli nokhanokha, wokuperekezani palibe. Ana ang'onoang'ono ndinasiya kuwalowetsa filimu zoterezi, mayi wina atandidandaulira kuti mwana wake wayamba kukodza pogona.

Mayi_wa_ku_Namwera

Ndawerenga zonse kawiri ndisanalembe. Achemwali a ku Mpondasi, sindikukuweruzani, mwafunsa ndi mtima woona. Koma adokotala akamanena za mantha okoma, ine ndikufuna mudziwe kuti pali ena amene kukoma kumeneko sitikudziwa.

Mwana wanga wachiwiri ndi wachialubino, ali ndi zaka 9. Nkhani zomwe ena amamvera akudya mtedza, kwa ine zimanena za mwana amene wagona pambali panga.

MacDonald Masambuka anali mnyamata wa zaka 22 wa ku Machinga, boma loyandikana nafe. Anasowa mu Malichi 2018, mtembo wake unapezeka mu Epulo, ziwalo zina atachotsa. Mwana wanga nthawi imeneyo anali wakumsana. Mlandu umenewo ndinautsatira zaka zinayi, wailesi ili pakhutu. Mu Epulo 2022 khoti lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala, komanso mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Mu Juni chaka chomwecho asanu anawalamula kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Anthu pamsika ankakambirana mokoma kuti, "Mwamva? Mpaka abambo mfumu!" Ine chimene chinandibaya ndi cha mchimwene uja. Sabata imeneyo mlongo wanga, amene tinayamwa bere limodzi, anabwera ndi kanjinga kawaya komwe anapangira mwanayu, n'kunena kuti apite naye kumsika akamugulire zigumu. Ndinakana. Ndinanamizira kuti mwana akutentha thupi. Mlongo wangayo anandiyang'ana nthawi yaitali, anaika kanjingako pakhonde, n'kunyamuka osatsanzika. Sanalakwe kanthu, ndipo amamukonda mwanayu ngati wake. Mpaka lero sitinakambiranepo za tsiku limenelo. Zimenezo ndi zomwe nkhani ija inasiya m'nyumba mwanga.

Sindikuti nkhanizi zisamakambidwe. Zikanabisidwa, bwenzi malamulo osakhwimitsidwa mu 2016, bwenzi a bungwe la anthu achialubino la APAM akulankhula okha popanda wowamva, ndipo mlandu wa Masambuka mwina ukanangozilala. Chimene chimandipweteka ndi kakambidwe. M'minibasi yochokera ku Chiponde, bambo wina wovala bwino anayamba kufotokozera anzake mtengo womwe amati mafupa amagulidwa, akumutchula mtengowo mokweza, mwana wanga ali pamiyendo panga, chipewa chili kumaso. Wina kumbuyo anati, "Ndalama izo zakhala apozo," basi ena n'kuseka. Mwanayu anandifunsa titatsika kuti, "Amayi, ndalama zake ziti?" Aliyense amene amabwereza za mtengo, ngakhale akuti akungosimba, akutsatsa malonda a mwana wanga. Pakati pa omvera khumi pamakhala mmodzi amene ali ndi ngongole ndipo mutu wake suli bwino.

Ndiye pempho langa kwa nonse okonda nkhanizi ndi ili. Mukamasimba, muzinena kuti mafupa a munthu wachialubino ndi mafupa ngati anu, mulibe mankhwala, mulibe chuma, ndipo palibe analemerapo nawo. Muzitchula zaka zomwe opha aja analamulidwa, osati mtengo. Ndipo zithunzi za mitembo musamatumize. Mnansi wanga anadziwa za imfa ya mwana wake pangozi ya njinga yamoto kudzera pa chithunzi cha pagulupu ya mpingo, ali kumunda, khasu lili m'manja. Amene anajambula uja anafika msanga kuposa wodzanena uthenga.

Mwana wanga ndimamuperekeza kusukulu m'mawa uliwonse ndi kukamutenga masana. Akufuna kudzakhala woyendetsa sitima ya panyanja.

Abiti_Mpondasi

Zikomo nonse. Ndakhala masiku awiri ndisanayankhe chifukwa mawu a mayi a ku Namwera anandikhala pakhosi.

Agogo a ku Malindi, mwalasa. Ndinkasakadi mchira wa nkhani, ndipo ndinaupeza osati pafoni koma kwa mayi wogulitsa usipa amene ndimamusokera. Mnyamata uja anali msodzi wa mbali ya ku Malombe, ankadwala matenda akugwa, ndipo anagwa m'bwato usiku. Panalibe chigawenga, panalibe chibwenzi. Mayi ake anamuzindikira ndi malaya ofiira aja. Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi ngati mmene umakhalira posambitsa maliro, kenako ndinalira, zomwe sindinachite tsiku la kumlatho. Dzulo podutsa pawotchi ndinaima n'kuwerenga chikumbutso cha Vipya chija koyamba, chikhalirecho ndadutsapo zaka zonsezi.

Nditatsegula zithunzi za m'foni mwanga ndinapezamo chithunzi cha mnyamatayo kasanu ndi kamodzi, chochokera m'magulupu osiyanasiyana, china chojambulidwa asanamufunditse. Chimodzi ndinali nditatumizako kwa mng'ono wanga ku Balaka. Ndafufuta zonse, ndamuuza nayenso afufute, ndipo magulupu awiri ndatulukamo. Wailesi ndikumverabe, sindinama. Adokotala, foni ikugona pa shelefu, ndipo usiku wapitawu ndinadzuka kamodzi kokha. Alamu a ku Katuli, ndinawawerengera bambo a ana zomwe munalemba, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati aziimba tikamaliza swala ya usiku tsiku lililonse, ngakhale kwa mphindi imodzi.

Chikoka chija sichinathe. Lero masana kudepoti kunabuka phokoso, anthu akuthamangira komweko, ndipo ndinapezeka nditaimirira kale, phazi limodzi lili kunja kwa khonde. Ndinagwira nsalu n'kukhalanso pansi. Mtima unagunda mpaka ndinamaliza msoko wonse.

Mayi a ku Namwera, ndili ndi nsalu yolimba ya buluu yomwe inatsala nditasoka mayunifolomu, yokwana chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali. Ngati simundiona molakwika, ndikufuna ndimusokere woyendetsa sitima wathuyo, popanda malipiro. Munditumizire kumbali muyezo wa mutu wake, wa pachifuwa, ndi kutalika kwa mkono kuchokera paphewa mpaka pachikhatho. Mukadzatsikira ku boma mudzandipeza pakhonde, kapena ndidzapatsira kondakitala amene inu mumamukhulupirira.